Harry Mwaanga Nkumbula ndi Mkangano wa Kulingana kwa Anthu

Pakati pa anyamata onse amene anapyola pa sukulu ya amishoni ya ku Kafue m'masiku a boma la Atsamunda, palibe wina amene dzina lace linamveka kutali kuposa malemu Harry Mwaanga Nkumbula. Iwowa anatsogolera cipani ca African National Congress kwa zaka 22, kuyambira mu 1951 kufikira mu 1973, ndipo anthu anawapatsa dzina lakuti Mkango Wokalamba. Koma utsogoleri wao sunayambire m'cipani iai. Unayambira m'timabungwe ta m'makomboni, mmene aphunzitsi ndi makalaliki anali kusonkhana madzulo ataweruka ku nchito.

M'timabungwe timeneti munthu aliyense anali kunena kuti afuna kulingana kwa anthu. Cobvuta cinali cakuti mau amenewa yense anali kuwamva mwa njira yace. Wina anali kufuna kuti munthu wakuda wophunzira alingane ndi Mzungu, wina kuti mtundu wace ulingane ndi mitundu inzace, ndipo winanso kuti malipiro alingane ndi thukuta. Mkangano umenewu unawatsata a Nkumbula moyo wao wonse. Ndiwo unawakweza, ndiwonso unawalekanitsa ndi anzao.

KU MAALA NDI KU KAFUE

A Nkumbula anabadwira ku Maala, kwa Mfumu Mungaila, m'boma la Namwala, ca m'ma 1916. Kwaoko ndi dziko la Aila, anthu oweta ng'ombe m'madambo a mtsinje wa Kafue, ndipo ku Maala komweko ndi kumene kucitikira mwambo wa Shimunenga. Aila analibe mfumu imodzi yolamulira onse monga Litunga wa Alozi kapena Chitimukulu wa Abemba. Mafumu anali ambiri, yense ndi dera lace, ndipo nkhani zinali kutha pa bwalo, pamene munthu wodziwa kulankhula anali kulemekezedwa.

Mnyamata Harry anaphunzira m'masukulu a mpingo wa Methodist, ndipo pambuyo pace anapita ku Kafue Training Institute kumene anatsiriza Standard 6 m'caka ca 1934. Sukuluyi anaiyambitsa ndi amishoni a Primitive Methodist m'nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ndipo mkulu wace woyamba anali Mbusa John Fell. Inali kuphunzitsa anyamata uphunzitsi ndi ulaliki pamodzi ndi ulimi ndi nchito za manja. Ndiyo imene pambuyo pace inakhala Kafue Boys' Secondary School ya mpingo wa United Church of Zambia.

Masiku amenewo Kafue anali katauni kakang'ono ka pa njanji, pafupi ndi ulalo wa sitima umene unamangidwa mu 1906. Mafakitale monga wa Nitrogen Chemicals anabwera ufulu utapezeka kale. Koma popeza malowa anali pakati pa Livingstone ndi ku Migodi, anali oyenera kukumaniranapo. Cotero m'caka ca 1933, kutatsala caka cimodzi kuti Harry atsirize maphunziro ace, nthumwi za mabungwe a anthu akuda a m'matauni zinasonkhana ku Kafue ndi colinga cakuti zipange bungwe limodzi la dziko lonse, la United African Welfare Association.

Mabungwe otere sanali acilendo. Loyamba linabadwira ku Mwenzo mu 1912 mwa khama la a Donald Siwale ndi anzao, ndipo la ku Livingstone linayamba mu 1930. Atsogoleri ace ambiri anali makalaliki a boma ndi aphunzitsi, ena mwa iwo ocokera ku Nyasaland amene anaphunzira ku Livingstonia. Madandaulo ao anali a zitupa, a malo amene anapatsidwa kwa alimi acizungu m'mbali mwa njanji, ndi a cipongwe cimene munthu wakuda anali kuciona m'misewu ndi m'masitolo. Boma linakana kubvomereza bungwe la ku Kafue lija. Linati anthu a m'matauni azikamba za m'tauni mwao mokha, pakuti za kumidzi zinali ndi eni ace, ndiwo mafumu. Motero funso lakuti woyenera kulankhulira anthu ndani, kaya wophunzira kaya mfumu, linafunsidwa poyera m'tauni momwemo mmene Harry anali kuphunzira.

MPHUNZITSI KU MIGODI

Ataphunzitsa kwa zaka zingapo kwao ku Namwala, a Nkumbula anapita ku Migodi, naphunzitsa ku Mufulira ndi ku Kitwe. Kumeneko anapeza magulu atatu a atsogoleri, ndipo gulu lililonse linali ndi muyeso wace wa kulingana.

Gulu loyamba linali la akulu a mitundu, amene eni migodi anayamba kuwaika ku Luanshya mu 1931. Mtundu uliwonse unali kusankha mkulu wace woweruza timilandu ndi kupereka madandaulo kwa kapitao wa komboni. Apa kulingana kunali kwakuti Mbemba, Mlozi, Mngoni ndi Mnsenga yense akhale ndi mpando wace. Koma pa sitalaka ya mu 1935, pamene anthu 6 anaphedwa ku Luanshya, anchito sanamvere akulu amenewa, pakuti anawaona ngati maso ndi makutu a kampani.

Gulu laciwiri linali la anchito a pansi pa mgodi. Iwowa sanali kufunsa za mtundu wa munthu kapena za sukulu imene anapitako. Anali kufunsa cifukwa cimene Mzungu ndi munthu wakuda, otsikira m'dzenje limodzi, anali kulandira malipiro osiyana kutalitali. Pa sitalaka ya mu 1940 anthu 17 anataya miyoyo yao ku Nkana cifukwa ca funso limeneli.

Gulu lacitatu ndilo la a Nkumbula, la aphunzitsi, makalaliki ndi othandiza m'zipatala. A Nkumbula anakhala mlembi wa Mufulira Welfare Association, ndiponso anali mmodzi wa oyambitsa Kitwe African Society. M'mabungwe amenewa munali wapampando, mlembi ndi msungacuma, ndipo zokambirana zinali kulembedwa m'buku ndi kutumizidwa kwa Bwana D.C. m'Cingelezi. Ubwino wace unali wakuti munthu sanali kulowamo ndi dzina la mtundu wace. Kuipa kwace kunali kwakuti munthu wosadziwa Cingelezi analibe mau kwenikweni. Ena mwa ophunzirawo akadakhutira boma likadangowapatula iwo okha, ndi kuwalola kuyenda opanda citupa ndi kugula pa khomo la kutsogolo. Ici cinali kugwirizana ndi ciphunzitso cakale ca Cecil Rhodes cakuti ufulu wolingana ndi wa anthu otsungula okha, ndipo woyesa kutsungulako anali Mzungu.

Cimene cinawasiyanitsa a Nkumbula ndi anzao ambiri cinali cakuti anayang'ana kupyola pa komboni. Azungu a dziko lino anali kufuna kuliphatikiza ndi Southern Rhodesia, makamaka kuyambira mu 1930 pamene boma la ku Britain, kupyolera mwa Lord Passfield, linanena kuti zofuna za eni dziko ndizo ziyenera kukhala patsogolo. A Nkumbula anatsutsa kuphatikizaku poyera m'zaka za nkhondo yaciwiri, pozindikira kuti kukadacitika, wophunzira ndi wosaphunzira yemwe akadagwa m'mbuna imodzi.

KU MAKERERE NDI KU LONDON

Kucokera ku sukulu ya aphunzitsi ya Chalimbana, a Nkumbula anapita ku Makerere m'dziko la Uganda mu 1946 mothandizidwa ndi Sir Stewart Gore-Browne wa ku Shiwa Ng'andu. Kenaka anapita ku London kumene analandira dipuloma ya zamaphunziro. Analowanso London School of Economics, koma kumeneko mayeso sanawayendere bwino, ndipo anabwerera kwao kuciyambi kwa 1950 opanda digiri. Nthawi yao yambiri inathera pa ndale. Mu 1949 iwo pamodzi ndi Dr. Hastings Kamuzu Banda wa ku Nyasaland analemba cikalata cotsutsa Citaganya ca maiko atatu cimene Azungu anali kukonza.

Ali kunja, mabungwe a m'matauni aja anacita cimene cinakanika ku Kafue. Mu 1946 anagwirizana ku Broken Hill, kumene tsopano ndi Kabwe, napanga Federation of African Societies motsogozedwa ndi a Dauti Yamba. Mu 1948 bungweli linasanduka Congress, ndipo pulezidenti wace woyamba anali a Godwin Mbikusita Lewanika. Mu July 1951 mamembala anasankha a Nkumbula kulowa m'malo mwao, pofuna munthu wolimba mau pa nkhani ya Citaganya.

KULINGANA KWA PA KAWINDO

Okonza Citaganya analinso ndi muyeso wao wa kulingana. Anati mitundu idzagwira nchito mwaubwenzi, koma anthu sanaiwale fanizo limene linamveka kuti linacokera kwa Sir Godfrey Huggins, loyerekeza ubwenziwo ndi wa kavalo ndi womkwera. Mu March 1953 a Nkumbula anatentha cikalata ca boma ca Citaganya pamaso pa khamu la anthu mu Lusaka, naitanitsa masiku awiri a mapemphero kuciyambi kwa April kuti anthu asapite ku nchito. Koma bungwe la anchito a m'migodi, limene linakhazikitsidwa mu 1949 motsogozedwa ndi a Lawrence Katilungu, silinawatsate, ndipo anchito a boma anaopsezedwa kuti adzacotsedwa. Masiku awiriwo analephera, ndipo Citaganya cinayamba caka comweco. Apa panaoneka kuti kulingana kwa malipiro ndi kulingana kwa ndale kunali kusanakhale mtolo umodzi.

Congress inaphunzirapo kanthu. Mu August 1953 a Kenneth Kaunda anasankhidwa kukhala mlembi wamkulu, ndipo awiriwa anagwira nchito limodzi mu ofesi ya ku Chilenje. Anayamba kumanga nthambi m'makomboni ndi m'midzi, natenga nkhani imene munthu aliyense anali kuimva m'thupi mwace. M'masitolo ambiri a m'tauni munthu wakuda sanali kuloledwa kulowa pa khomo. Anali kuima pa mzere kunja ndi kugulira pa kawindo ka kumbali, ndipo m'masitolo a nyama anali kupatsidwa phukusi lokulungidwa kale, losasankha yekha. Mu 1954 Congress inatsogolera anthu kunyanyala masitolo a nyama mu Lusaka, ndipo amai anali patsogolo poima pa makomo ndi kubweza ogula. Ndalama ya mphunzitsi ndi ya mai wa pa msika inali imodzi, ndipo onse anali kunyozedwa pa kawindo kamodzi. Pamenepa ndi pamene Congress inaleka kukhala bungwe la ophunzira okha, niikhala ya anthu wamba.

Mu January 1955 a Nkumbula ndi a Kaunda anamangidwa miyezi iwiri pa mlandu wopezeka ndi mabuku oletsedwa.

KUGAWIKANA KWA MU 1958

Atatuluka m'ndende, njira za awiriwa zinayamba kusiyana. A Nkumbula anayamba kukhulupirira kwambiri zokambirana ndi boma, ndipo nthawi zina anali kuletsa kunyanyala kumene nthambi zinayambitsa. Acinyamata a m'cipani anadandaula kuti mtsogoleri wao anali kucotsa akulu a nthambi ndi a zigawo amene anali kutsutsana naye, ndi kuikapo omumvera. Anafunsa kuti cipani cofuna kulingana m'dziko cingalephere bwanji kukhala ndi kulingana m'kati mwace.

Cimene cinathyola ndodo ndi malamulo atsopano a masankho a Bwanamkubwa Sir Arthur Benson a mu 1958. Malamulowa anagawa oponya voti m'magulu awiri poyang'ana cuma, malipiro ndi maphunziro a munthu. Pa mipando 22 yosankhidwa ya m'Nyumba ya Malamulo, anthu akuda anayembekezeka kupeza 8 yokha, ndipo m'madera a kumidzi wofuna kuima anayenera kuyamba wabvomerezedwa ndi mafumu ambiri a m'deralo. Unyinji wa anthu unatsala kunja.

A Nkumbula anawadzudzula malamulowa, komabe anaganiza zolowa nao masankho. Maganizo ao anali onga a mwambi uja wakuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo. Anaona kuti mpando umodzi m'Nyumba ya Malamulo uposa kufuula uli panja, ndi kuti khomo likatseguka pang'ono lingathe kukankhidwa. A Kaunda, a Simon Kapwepwe, a Munukayumbwa Sipalo ndi ena anakana. Kwa iwo kulandira voti ya ophunzira ndi olemera okha kunali kubvomereza kuti mlimi wa kumudzi ndi wocepa, ndipo anafuna kuti munthu aliyense wamkulu akhale ndi voti imodzi. Mu October 1958 anatuluka napanga Zambia African National Congress.

Boma linaletsa cipani catsopanoco mu March 1959, nilipitikitsira atsogoleri ace kumadera akutali, a Kaunda ku Kabompo. M'mwezi womwewo a Nkumbula anapambana mpando m'Nyumba ya Malamulo. Koma mitima ya anthu ambiri, makamaka ku Migodi ndi kumpoto, inatsata omangidwawo, ndipo pamene UNIP inabadwa kumapeto kwa 1959 inakula msanga kuposa Congress. Tsoka linanso linawagwera a Nkumbula pamene anapezeka olakwa pa mlandu wa ngozi ya galimoto imene inapha munthu, nakhala m'ndende kuyambira mu 1961 kufikira kuciyambi kwa 1962. A Katilungu amene anawagwirira mpando anafa pa ngozi ya pa msewu mu November 1961.

MFUNGULO M'MANJA MWAO

Masankho a kumapeto kwa 1962 anaika tsogolo la dziko m'manja mwa a Nkumbula. Cipani ca Azungu ca United Federal Party cinapeza mipando 16, UNIP 14 ndi Congress 7. Panalibe cipani cokhoza kupanga boma pacokha. Pa masankhowo Congress inali itathandizana ndi United Federal Party m'madera ena, cotero ambiri anaopa kuti a Nkumbula apita kumeneko. Koma mu December 1962 anasankha kugwirizana ndi a Kaunda amene anawasiya zaka zinai zapitazo, ndipo dziko lino linakhala ndi boma loyamba lotsogozedwa ndi anthu akuda. A Nkumbula, mphunzitsi wa ku Kafue uja, anakhala Nduna ya Maphunziro a Anthu Akuda. Boma limeneli ndilo linaumiriza kuti dziko lino lituluke m'Citaganya, cimene cinatha pa 31 December 1963.

Mu January 1964 munthu aliyense wamkulu anaponya voti kwa nthawi yoyamba. UNIP inapeza mipando 55 ndipo Congress 10. Voti ya onse, imene anzao anawasiyira mu 1958, inawaika a Nkumbula ku mbali yotsutsa, ndipo iwo analandira ciweruzo ca anthu. Pamene Zambia inalandira ufulu pa 24 October 1964, anali mtsogoleri wa otsutsa boma. Mu December 1968 Congress inakwera kufika pa mipando 23, UNIP niipeza 81. Mphamvu ya Congress inali ku cigawo ca kumwera ndi madera ena a pakati, ndipo caka cimeneco inaonjezeka ndi mipando ya ku Bulozi.

MKANGANO WOTSIRIZA

Mu February 1972 a Kaunda analengeza kuti Zambia idzakhala dziko la cipani cimodzi, ndipo a Mainza Chona anapatsidwa nchito yomva maganizo a anthu pa kayendetsedwe kace. M'mwezi womwewo cipani ca a Kapwepwe ca United Progressive Party cinaletsedwa. Ocirikiza cipani cimodzi anali ndi zifukwa zao. Anati zipani zambiri zinali kugawa anthu mwa mitundu ndi zigawo, kuti magazi anali kukhetsedwa pa masankho, ndi kuti dziko lozingidwa ndi maboma a Atsamunda ku Rhodesia, Mozambique ndi Angola linafunika umodzi. M'nyumba imodzi, iwo anatero, onse adzakhala olingana.

A Nkumbula anakana kukhala nao m'bungwe la a Chona. Kwa iwo anthu sakadalingana ngati wina aloledwa kusonkhanitsa anzace ndipo wina aletsedwa, kapena ngati mlimi wa ku Monze ayenera kugula khadi la cipani cimene sacifuna kuti amvedwe. Anakasuma ku khoti lalikulu, nalephera, ndipo apilo yaonso inakanidwa. Pa 13 December 1972 lamulo la cipani cimodzi linasainidwa. Munthu amene mu 1958 anadzudzulidwa kuti alandira theka la ufulu, tsopano ndiye anali kuima m'khoti kuteteza ufulu wa munthu wotsutsa.

Ataona kuti njira zonse za lamulo zatsekeka, anacitanso monga mwa khalidwe lao lakale, nasankha kulowa m'kati osati kutsala panja. Pa 27 June 1973 anasaina pangano la ku Choma pamodzi ndi a Kaunda, nalowa UNIP ndi owatsatira ao. Ena anati agulitsa cipani, ena anati apulumutsa cigawo ca kumwera ku mabvuto. Koma sanakhale cete. Mu 1978 iwo, a Kapwepwe ndi a Robert Chiluwe anafuna kupikisana ndi a Kaunda pa upulezidenti wa UNIP. Malamulo a cipani anasinthidwa pa msonkhano wa ku Mulungushi, ndipo onse atatu analephera kuima. Anapitanso ku khoti, koma sanaphule kanthu.

A Harry Mwaanga Nkumbula anamwalira pa 8 October 1983, ndipo anaikidwa kwao ku Maala. Patapita zaka 7, mu December 1990, lamulo la cipani cimodzi linacotsedwa, ndipo pa 31 October 1991 anthu anasankhanso pakati pa zipani zambiri. Mu 2011 bwalo la ndege la ku Livingstone linapatsidwa dzina lao.

Poweruza moyo wao, tiyenera kunena zonse ziwiri. Pa nkhani ya voti ya munthu aliyense, anzao a mu 1958 ndiwo anaona patali, ndipo dandaulo lao lakuti mtsogoleri asapondereze nthambi linali loona. Pa nkhani ya ufulu wa kutsutsa, a Nkumbula ndiwo anaona patali, ndipo dziko linabwerera ku mau ao iwo atagona kale. Mafunso amene anakumana nao sanathe. Ali m'makomiti a misika, m'makopaletivu a alimi, m'mabungwe a makolo ndi aphunzitsi ndi m'mipingo, ku Kafue ndi kwina konse, paliponse pamene anthu ayenera kugamula ngati wodziwa kulemba ndiye alankhulire onse, ngati mipando igawidwe mwa mitundu, ndi ngati wotsutsana ndi wapampando akhalabe membala wolingana ndi anzace.